Ntchito Yopitirira Muyeso Pang'ono

Matenda ambiri amene tinakula nawo ali ndi mdani woti n'kumuloza ndi chala. Malungo amabwera ndi udzudzu, likodzo timalitenga m'madzi, chifuwa chachikulu chili ndi kachilombo kake kamene a labotale amakapeza m'makhololo. Ngakhale wodwala avutike chotani, mtima umakhalako pansi podziwa kuti choipacho chachita kulowa, ndipo chikathamangitsidwa munthu adzakhalanso bwino. Koma masiku ano maganizo anga akhazikika pa matenda a mtundu wina. Mwa anthu ena, gwero lake ndi chinthu chimene munthu anabadwa nacho, chokhala m'thupi momwemo, chogwira ntchito yake yeniyeni mokhulupirika, chongoti chimaigwira mopitirira pang'ono. Chinthucho ndi puloteni yotchedwa LRRK2, ndipo matendawo ndi a Parkinson, amene ambiri kwathu amangoti manjenje.

LRRK2 ili m'gulu la mapuloteni otchedwa kinase. Ntchito ya kinase iliyonse ndi imodzi: kuthyola kachidutswa ka phosphate pa ATP, chimene ndi chosungira mphamvu za selo, n'kukamata pa puloteni ina. Phosphate wake ndi wa mtundu womwewo umene alimi timaugula m'thumba la feteleza wokulitsa, uja wa nambala yapakati pa 23:21:0+4S. Puloteni ikamatidwa kachidutswako imapindika mwina, ndipo imayamba ntchito, kapena kuileka, kapena kusamukira mbali ina ya selo, kapena kugwirana ndi inzake imene poyamba sinkaiyandikira n'komwe. Pambuyo pake pamabwera puloteni ina, ya gulu la phosphatase, n'kuchotsa kachidutswa kaja, zonse n'kubwerera mwakale. Ndikafuna kuiona kinase m'maganizo mwanga, ndimaona kalaliki wa pa positi ofesi ali ndi chidindo m'manja. Iye salemba kalata, sanyamulanso katundu, koma phukusi limene walidinda limalowera njira yosiyana ndi limene sanalidinde.

Amene anatulukira kudinda ndi kufufuta kumeneku ndi Edmond Fischer ndi Edwin Krebs, ku Seattle, m'zaka za m'ma 1950. Iwo ankafufuza mmene mnofu umamasulira shuga wosungidwa pamene munthu akufuna mphamvu. Mphotho ya Nobel anadzailandira mu 1992, patapita zaka zoposa makumi atatu, anthu atazindikira kuti zimene anaona m'mnofu zija zikuchitika m'selo lililonse la thupi. Mu 2002 asayansi atawerenga majini onse a munthu anapezamo ma kinase 518. Selo kuti ligawike, kuti limve insulin, kuti lisunge chikumbukiro, kuti life nthawi yake ikakwana, penapake pamakhala kinase ikudinda.

Ine matenda a Parkinson ndinawaona koyamba pa amalume anga, amene anali telala. Ankasoka pakhonde la sitolo ndi makina opondera, tepi ili m'khosi, choko ali kukhutu. Choyamba kusintha chinali kabuku kawo ka miyeso ya makasitomala. Manambala ankayamba aakulu bwino kumayambiriro kwa mzere, n'kumacheperachepera, kufika kumapeto osawerengekanso. Kenaka dzanja lamanja. Likangokhala pabondo, chala chachikulu chinkayamba kukhulana ndi cha mkombaphala, osaleka. Koma akalitambasula kuti atenge sizasi, kunjenjemerako kunkaima, n'kudula nsalu molunjika ndithu. Chimenechi ndicho chinkasokoneza anthu, moti ena ankanong'ona kuti akuchitira dala. Poyenda, mkono womwewo unasiya kugwedezeka. Nkhope yawo, imene inali yosekerera, inangouma, ndipo makasitomala ena anasamuka poganiza kuti atelala ayamba kunyada. Zokamba zinachuluka: awa akuti ndi kachasu, pamene mowa sankaulawa; awa akuti alodzedwa ndi telala mnzawo.

Chinkandipweteka kwambiri chinali pakhomo. Akafika pachitseko mapazi ankakakamira pansi, thupi litaweramira kutsogolo. Tsiku lina anandiyang'ana nati, "Mphwanga, mutuwu ukunena kuti tiye, koma miyendoyi sikumva." Akazi awo ndi amene anatulukira chochita, popanda wowaphunzitsa. Anatenga choko wa nsalu uja n'kujambula mizere pansi, yotalikirana phazi ndi theka, kuchokera pakhonde kulowa m'nyumba. "Bambo, pondani apa. Tsopano apa." Ndipo ankadutsa. Madokotala a ubongo amaidziwa njira imeneyi: pamene kuyenda kochitika kokha kwafa, maso akapatsidwa poloza, ubongo umapeza podzera pena.

Zizindikiro ngati zimenezi anazilemba James Parkinson, dokotala wa ku London, mu 1817. Anafotokoza anthu asanu ndi mmodzi okha, ndipo atatu mwa iwo anangowaona m'misewu. Chimene chimafa chinadzadziwika pambuyo pake. Mkati mwenimweni mwa ubongo muli kadera kakuda, substantia nigra, kamene maselo ake amapanga dopamine, mankhwala a m'thupi othandiza kuti kuyenda kuyambike ndi kupitirira mosalala. Maselo amenewa amafa pang'onopang'ono, ndipo pofika pamene dzanja layamba kunjenjemera, ambiri amakhala atatha kale. Zaka zambiri izi zisanaoneke, munthu angathe kusiya kumva fungo, kudzimbidwa kawirikawiri, kapena kumenya ndi kukuwa ali m'tulo. Bungwe la WHO likuti mu 2019 anthu oposa 8.5 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo chiwerengerocho chinawirikiza kawiri pa zaka 25.

Mankhwala alipo, levodopa, amene ubongo umawasandutsa dopamine. George Cotzias ndiye anaonetsa mu 1967 kuti akaperekedwa pa mlingo wokwanira amadzutsa anthu amene anali atauma thupi. Amalume atayamba kumwa, pasanathe ola ankadzuka pampando okha n'kulowetsa ulusi pasingano. Mwezi umene mankhwalawo asowa, tinkayenda m'mafamase a m'tauni, ndipo mtengo wake unkatiliza. Levodopa amapezekanso mwachilengedwe m'nyemba za kalongonda, m'bale wake wa chitedze, ndipo madokotala ena anayesapo ufa wake pa odwala m'maiko osauka. Komabe mlingo wake ndi nkhani ya achipatala. Chachikulu n'chakuti levodopa amangobwezeretsa chimene chasowa. Maselo aja amapitirizabe kufa. N'chifukwa chake funso lakuti amafa chifukwa chiyani silinasiye kuvutitsa anthu, ndipo apa ndi pamene LRRK2 ikulowera.

Yankho lina linabisala m'mabanja amene matendawa ankangotsatana m'mibadwo. Ku Sagamihara, m'dziko la Japan, kunali banja lalikulu lotere, ndipo mu 2002 asayansi a kumeneko analoza dera lina pa chromosome 12. Mu 2004 magulu awiri anapeza jini lenilenilo, gulu lina pofufuza mabanja a anthu a Basque kumpoto kwa Spain ndi a ku England, lina pofufuza mabanja ena ochokera ku Ulaya. Thomas Gasser ndi Andrew Singleton ndi ena mwa amene anatsogolera ntchitoyo. Puloteni yake, LRRK2, inapezeka kuti ndi yaikulu zedi, mndandanda wa ma amino acid 2,527, ndipo gawo limodzi la mndandandawo ndi kinase.

Kusintha kofala kwambiri m'jini limeneli kumatchedwa G2019S. Pa malo a nambala 2019 pamayenera kukhala glycine, amino acid wamng'ono kuposa onse, koma pamakhala serine, wokulirapo pang'ono chabe. Mu DNA ndi chilembo chimodzi, G kusanduka A. Malo ena onse 2,526 ali bwinobwino. Ndipo puloteniyo siiwonongeka. Imapangika, imapita kumalo ake, imagwira ntchito. Kusiyana kwake n'kwakuti malo a 2019 ali pa kachingwe kamene kamatsegula ndi kutseka kinase, ndipo serine uja amachititsa kuti izikhala yotseguka kawirikawiri. Poyeza m'labotale, imadinda pafupifupi kuwirikiza kawiri poyerekeza ndi yabwinobwino.

Apa ndi pamene ndimaima nthawi yaitali. Kuwirikiza kawiri si kwambiri. Mwana wobadwa ndi G2019S amakwawa, amayenda, amathamanga ngati anzake. Amakula, amakwatira, amalera ana, amafika zaka 50 kapena 60 osadziwa kanthu. Nthawi yonseyi kinase ija ikudinda mowonjezako pang'ono, usana ndi usiku, ndipo thupi likupirira, likufufuta, likukonza. Tsiku lililonse palokha palibe chimene chalakwika. Chimene chimadzaoneka pa dzanja la munthu wa zaka 60 ndi kuunjikana kwa masiku onsewo. Timazolowera kuganiza kuti matenda ali ndi tsiku loyamba, kuti pali usiku umene munthu anagona wabwino n'kudzuka wodwala, ndipo n'chifukwa chake timafunsa kuti anadya chiyani, anakumana ndi yani, anayambana ndi yani. Pa matenda awa tsiku loterolo palibe. Ndikanakonda achibale amene ankaloza telala mnzawo wa amalume akanamva zimenezi, chifukwa munthuyo anasalidwa mpaka anasamuka, wosalakwa.

Atapeza jinilo, panatenga zaka 12 kuti adziwe chimene LRRK2 imadinda. Malabotale ambiri analengeza mayankho amene ena atayesa sanawapeze. Mu 2016 gulu la Dario Alessi ku Dundee, m'dziko la Scotland, pamodzi ndi la Matthias Mann ku Germany, mothandizidwa ndi bungwe la Michael J. Fox, linaonetsa kuti imadinda mapuloteni aang'ono otchedwa Rab, monga Rab8A ndi Rab10. Selo mkati mwake muli timatumba tosawerengeka tonyamula katundu: zakudya, zomangira, zinyalala. Ma Rab amakhala pa timatumbato n'kumalongosola kumene kalikonse kakupita. Rab ikadindidwa ndi LRRK2 imakakamira pamene ilipo, osatha kuchoka kuti ikagwire ntchito kwina, ndipo imakopa mapuloteni ena amene sakanabwera. Zikachitika pa mlingo wake, ndi zofunika. Mwachitsanzo, lysosome, kathumba kamene selo limagayiramo zinyalala zake, ikang'ambika, LRRK2 imathamangirapo n'kudinda ma Rab kuti malowo asamalidwe. Koma zidindo zikachuluka, katundu amachedwa m'njira ndipo zinyalala sizichoka msanga. Mu 2019 gulu lomwelo linapezanso yofufuta zidindozo, phosphatase yotchedwa PPM1H. Choncho thanzi la selo lagona pa kulingana kwa ziwirizi.

Nanga bwanji maselo a dopamine ndiwo amagwa, pamene LRRK2 ili ponseponse m'thupi? Mbali ina ya yankho ili pa mmene maselowa anapangidwira. Selo la pakhungu limafa n'kulowedwa m'malo pa masabata ochepa. Selo la m'substantia nigra limene munthu ali nalo ali khanda ndi lomwelo adzakhale nalo ali nkhalamba. Ndipo ndi lalikulu modabwitsa. Asayansi akuyerekeza kuti nthambi za selo limodzi lotere, zitalumikizidwa, zingapitirire mamita anayi, ndipo zimakhudzana ndi maselo ena pa malo oposa miliyoni. Chilichonse chofunika ku nsonga zonsezo chiyenera kuyenda m'timatumba tija, ndipo chilichonse chakutha chiyenera kubwezedwa kuti chikagayidwe. Selo limeneli silipumanso, limangogunda lokha ngakhale munthu ali m'tulo. Kuchedwa kumene maselo ena sangakumve, ilo limakumva.

Pali china chimene Suzanne Pfeffer ndi anzake ku Stanford anaona, chimene chimandikhudza mtima. Maselo ambiri ali ndi katsitsi kamodzi kotulukira kunja, cilium, kamene amamvera mauthenga ochokera kwa anzawo. Maselo a dopamine amatumiza uthenga kwa maselo ena a m'dera lotchedwa striatum, ndipo awo akaumva amabweza puloteni yoteteza yotchedwa GDNF. Mu mbewa za m'labotale zokhala ndi LRRK2 yolimbikira mopitirira, ena mwa maselo a m'striatum amenewa amataya katsitsi kaja. Uthenga umatumizidwabe, koma woumva palibe, ndipo thandizo limachepa. Mu 2025 gululo linalengeza kuti mbewa zitapatsidwa mankhwala oletsa LRRK2 kwa miyezi itatu, titsitsi tija tinameranso. Mbewa si munthu, ndipo zambiri zotheka pa mbewa zakanika pa anthu. Komabe n'zolimbikitsa kumva kuti selo lokhwima, limene silidzagawikanso, lingathe kuyambanso kumva.

G2019S imatsata magazi mosavuta. Kholo limodzi likakhala nayo, mwana aliyense ali ndi mwayi wa theka woitenga. Koma kuitenga si kudwala. Kafukufuku wamkulu wa mu 2008 anayerekeza kuti mwa anthu 100 okhala nayo, 28 amakhala atadwala pofika zaka 59, ndipo 74 pofika zaka 79. Kafukufuku wapambuyo pake anapeza ziwerengero zotsikirapo. Pakati pa Ayuda a Ashkenazi, pafupifupi mmodzi mwa anayi pofika zaka 80. Ndiye kuti alipo ambiri amene amakhala nayo moyo wawo wonse, n'kumwalira ndi ukalamba manja ali phee. Abale awiri a mimba imodzi, onse ali nayo, wina n'kudwala, wina ayi.

Sergey Brin, mmodzi mwa amene anayambitsa Google, anaulula mu 2008 kuti ali ndi G2019S, ndipo amayi ake, amenenso anali nayo, ankadwala matendawa. Kuyambira pamenepo wapereka chuma chochuluka ku kafukufuku. Iye ali ndi chuma chochitira zimenezo. Ine ndimaganizira za wina ku Tunisia, kumene pafupifupi mmodzi mwa odwala Parkinson atatu alionse ali ndi kusintha kumeneku, pamene m'maiko ambiri ndi mmodzi kapena awiri mwa 100. Mwana wamkazi amene akusambitsa atate ake ouma thupi, akauzidwa kuti angathe kuyezetsa magazi, asankhe chiyani? Akapezeka nayo, palibe mankhwala otsimikizika oti amwe kuti apewe. Adzangoyamba kuyang'anitsitsa dzanja lake, n'kumadzifunsa nthawi iliyonse supuni ikagwa. Akapanda kuyezetsa, mantha omwewo alipobe, koma opanda dzina. Ine sindingamuweruze aliyense wa awiriwa, woyezetsa kapena wokana. Chimene ndikuona n'chakuti sayansi yafika potha kuuza munthu zimene zili m'magazi ake isanafike potha kumuthandiza nazo, ndipo amene ali pakati pa ziwirizi afunika womvetsera wodekha, wosafulumira kupereka malangizo.

Munthu angafunse kuti puloteni yoopsa chonchi thupi limaisungiranji. Chodabwitsa n'chakuti LRRK2 siichuluka kwenikweni mu ubongo. Imachuluka m'mapapo, mu impso, ndi m'maselo oyera a m'magazi, amene amameza tizilombo. Kusiyana kwina m'jini lomweli kwapezeka kuti kumakhudzana ndi matenda a Crohn, otupitsa matumbo, komanso ndi khate. Mu 2018 asayansi a ku Francis Crick Institute ku London anaonetsa kuti LRRK2 ili ndi mbali pa mmene selo loyera limachitira ndi kachilombo ka chifuwa chachikulu kamene lameza. Ndipo mbewa zokhala ndi G2019S zinapezeka kuti zimalimbana bwino ndi kachilombo ka Salmonella kuposa zinzake. Apa ena amaganiza kuti kale, pamene anthu ambiri ankafa ndi matenda opatsirana asanafike zaka 40, kinase yolimbikira chonchi mwina inkapulumutsa ana, ndipo mtengo wake unkalipiridwa ndi ochepa okha amene anafika ku ukalamba. Limeneli ndi ganizo loti likuyesedwabe. Koma limandithandiza kuiona puloteniyi popanda chidani. Inapangidwira kuteteza, ndipo mwa anthu ambiri ndi zimene ikuchita mpaka lero.

N'chifukwa chakenso kuiletsa n'kovuta. Mankhwala oletsa kinase si achilendo. Imatinib, amene anavomerezedwa mu 2001, anasintha moyo wa odwala khansa ina ya m'magazi poletsa kinase imodzi yosalamulirika. Koma pa khansa cholinga ndi kupha selo loipa, ndipo wodwala amalolera zowawa zambiri. Pa Parkinson cholinga ndi kusunga selo lamoyo, mankhwala ayenera kudutsa mpanda umene umateteza ubongo ku zinthu za m'magazi, ndipo munthu adzawamwa kwa zaka zambiri. Mu 2015 anyani opatsidwa mankhwala oyambirira oletsa LRRK2 anaoneka ndi kusintha m'maselo ena a m'mapapo, ndipo ambiri anataya mtima. Mu 2020 zinaonetsedwa kuti kusinthako kumatha mankhwala akasiyidwa, ndipo anyaniwo ankapuma bwinobwino. Chaka chomwecho kafukufuku wina anapeza anthu 1,455 amene anabadwa ndi kope limodzi mwa awiri a jinili losagwira ntchito, ndipo thanzi lawo silinasiyane ndi la ena. Zimenezi zinasonyeza kuti kuichepetsa n'kotheka popanda kuvulaza munthu. Mu 2022 makampani a Denali ndi Biogen anayamba kuyesa mankhwala awo, BIIB122, pa odwala mazanamazana. Chimene ankafuna chinali kuibweza LRRK2 pa muyeso wake, osati kuizimitsa. Ndipo chifukwa cha zimene zinapezeka ku Dundee, angathe kutenga magazi a munthu, kuyeza kuchuluka kwa Rab10 yodindidwa m'maselo oyera, n'kudziwa ngati mankhwala afika pamene akufunika.

Mu 2004, chaka chimene jini la LRRK2 linapezeka, kunapezekanso kinase ina ya matenda omwewa, PINK1, koma iyo vuto lake ndi losiyana. Ntchito yake ndi kudinda mitochondria yowonongeka, tinthu topanga mphamvu m'selo, kuti ichotsedwe. Munthu akatenga makope awiri osagwira ntchito, kwa mayi ndi kwa bambo, amadwala adakali wamng'ono, kawirikawiri asanafike zaka 40. Ina yadinda mopitirira, ina yalephera kudinda, koma maselo akufa ndi omwewo.

Amalume anga sanayezedwepo majini, ndipo n'zokayikitsa kuti anali ndi G2019S. Kusintha kumeneku, kofala chotere kumpoto kwa Africa, sikupezeka kawirikawiri kum'mwera kwa chipululu cha Sahara. Njideka Okubadejo ndi anzake anakufunafuna pa odwala a ku Nigeria koma sanakupeze, ndipo kafukufuku wochepa wa ku Zambia wofalitsidwa mu 2012 sanakupezenso. Kwa nthawi yaitali pafupifupi zonse zodziwika za majini a Parkinson zinachokera kwa anthu a ku Ulaya, ndipo zimenezi zinandiwawa nditazizindikira, chifukwa mankhwala amapangidwa molingana ndi zimene zapezeka. Mu 2023 kafukufuku wamkulu woyamba wa anthu a magazi a ku Africa, amene odwala ambiri anali a ku Nigeria, anapeza kusiyana kwina m'jini la GBA1, kofala pakati pa anthu akuda koma kosowa pakati pa azungu. GBA1 imapanga puloteni yogwira ntchito m'lysosome, m'kathumba komwe kaja ka zinyalala kamene LRRK2 imathamangirako. Njira ziwiri zosiyana zakakumana malo amodzi.

Ndipo pali chifukwa china chimene nkhani ya LRRK2 ingakhudzire anthu ngati amalume. Odwala Parkinson ambiri alibe kusintha kulikonse kodziwika m'majini. Mu 2018 gulu la Timothy Greenamyre ku Pittsburgh linayeza ubongo wa anthu otere atamwalira, ndipo linapeza kuti m'maselo awo a dopamine LRRK2 inali ikugwira ntchito mopitirira, ngakhale jini lake linali labwinobwino. Linaonanso zomwezo pa makoswe opatsidwa rotenone, mankhwala ophera tizilombo. Rotenone ndi paraquat, wophera udzu, anapezeka kale mu kafukufuku wa alimi a ku America wa mu 2011 kuti amawonjezera chiopsezo cha matendawa. Kutereku n'kutheka kuti chimene G2019S imachita kuyambira kubadwa, ukalamba, kutupa kwa m'thupi ndi ziphe za m'munda zimachichitanso mwa njira yawo. Zikatsimikizika, mankhwala opangidwira mabanja ochepa a ku Japan, ku Spain ndi ku Tunisia angadzathandizenso mlimi amene wapopera mankhwala zaka zambiri popanda chophimba pamphuno.

Amalume anamwalira mankhwala otere asanafike pa aliyense. Zaka zawo zomaliza anasiya kusoka zovala zatsopano, n'kumangolandira zigamba ndi mipendero, zimene ankazichita m'mawa levodopa akadali ndi mphamvu m'thupi. Masana ankaphunzitsa mdzukulu wawo kudula kolala, akumulangiza ndi mawu otsika kwambiri, oti uchite kuwerama kuti umve. Nzeru zawo zinali zonse. Ndikamawerenga za Rab10 ndi PPM1H ndimakumbukira kuti pa nthawi imeneyo, m'dera la ubongo wawo locheperapo kuposa nsonga ya chala, maselo otsala ankagwirabe ntchito yawo ndi ya anzawo amene anafa, ndipo anaigwira zaka zingapo. Odwala amene akuyamba kunjenjemera lero ali ndi maselo otsala ngati amenewo, ndipo ndi amenewo ofufuza a ku Dundee, ku Stanford ndi ku Lagos akuyesa kuwapulumutsa. Kuti mankhwalawo adzagwire ntchito, adzafunika kuperekedwa msanga, maselo akadali ambiri. Zimenezi zidzafuna kuti m'zipatala zathu mukhale anthu otha kuzindikira matendawa poona zilembo zocheperachepera ndi mkono wosagwedezeka, ndiponso kuti achibale azimutengera wodwala kuchipatala chaka choyamba, osadikira chachisanu.